Madzi a Mvula a Bambo Mwale

Bambo Gerevaziyo Mwale tinawaika m'manda Loweruka lapitali kwawo ku Njombwa, mvula ikuwaza, fodya atapsa m'minda kudikira anthu oti amuthyole. Uthenga utafika kusukulu kuti atisiya, ana a Fomu 4 anayamba kufunsana kuti a Mwale ake ati, pakuti a Mwale kuno ndi ambiri. Wina atanena kuti ndi a Pamzere, onse anawazindikira pomwepo. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu kalekale, ndipo eni ake ankalivomera mokondwa. Ngakhale akatekisiti amene analalikira pamaliro linawapulumuka kawiri, anthu n'kuseka misozi ili m'maso.

Ine ndimaphunzitsa kemisitiri pa sekondale yoyendera ya kuno, ndipo ndagwira nawo ntchito m'labu zaka khumi ndi zitatu. Ntchito imene anawalembera inali kutsuka mabotolo, kusesa ndi kusunga zipangizo. Koma zoona zake n'zakuti labuyo inali yawo, ife aphunzitsi tinkangobwerekako.

Dzina lija linabwera chonchi. M'labu muli botolo lina la mimba yozungulira ndi khosi lalitali lowonda, ndipo pakhosipo pali kamzere kamodzi kosonyeza pamene pakwana lita imodzi. Mankhwala athu timawasunga ali amphamvu kwambiri, ndiye tikafuna oti ana agwiritse ntchito timayeza pang'ono, kuthira m'botolomo muli kale madzi theka, n'kuonjezera madzi mpaka afike pakamzereko. A Mwale madzi akayandikira pamenepo ankasanduka munthu wina. Ankagwada pansi, diso n'kulilinganiza ndi mzere, lilime litatuluka pang'ono, akudontheza madzi dontho limodzilimodzi. Wowalankhula nthawi imeneyo ankangodzitayira mawu. Dontho lomaliza likagwa, ankadzuka nkhope ikuwala ngati mlimi amene mabelo ake onse a fodya adutsa bwino kumsika, n'kulengeza kwa aliyense amene analipo kuti zafika pamzere. Anachita zimenezi kambirimbiri ine ndikuona, koma sindinawaonepo atazolowera. Ulendo uliwonse ankasangalala ngati ndi koyamba.

Mkangano wathu woyamba unachitika sabata yanga yoyamba. Ndinali nditangochoka kukoleji, mutu utadzaza masamu. Ndinayeza asidi bwinobwino, n'kumuthira mu lita yathunthu ya madzi, ana akuonerera. A Mwale anaima pakona akupukuta botolo limodzi lomwelo mpaka belu linalira. Ana atatuluka anabwera, manja kumbuyo, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti popeza asidi ndamuthira pamwamba pa lita yathunthu ija, ndiye kuti zonse pamodzi zakwana zingati. Ndinawayankha kuti kusiyana kwake n'kochepa. Iwo anavomera kuti n'kochepadi, koma anati mwana amene waona lero adzachita chimodzimodzi kuchipatala tsiku lina, ndipo kumeneko chochepacho chidzakhala m'thupi la munthu. Ndinakwiya masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinabwereza phunzirolo pamaso pa ana, iwo ataima pakona pomwe paja, akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi.

Sukulu analekezera Sitandade 6, choncho masamu amene ine ndinkalemba pabolodi sankawalemba. Anali ndi njira yawo. Ankauza ana kuti ng'ombe khumi zikakhala m'khola zimathinana, ukazitulutsira kudambo zimamwazikana, koma ndi khumi zomwe zija. Asidi ali mu kapu ndi yemwe ali m'botolo lalikulu, chasintha ndi bwalo. Ana amene ankasokonezeka ndi zilembo zanga ankamva za ng'ombezo nthawi yomweyo, ndipo ndikuvomera kuti chaka chachiwiri ndinawabera fanizoli. Anandimva ndikulinena m'kalasi, madzulo ake anandiuza kuti ng'ombe zawo ndaziweta bwino.

Pa dzanja lawo lamanzere panali chipsera chosalala, kuchokera pachala chachikulu kukafika pamkono. Asanabwere kusukulu anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapelula, yosakaniza mankhwala opopera. Tsiku lina akapitawo anawatuma kuti akonze asidi wa mabatire a thirakitala, osawauza kanthu, ndipo iwo anathira madzi pa asidi. Zinabwadamuka n'kuwathovukira padzanja. Chiyambire pamenepo ankati asidi ndi mlendo, amafika pamene eni khomo alipo kale, ndipo eni khomo ndi madzi. Ana atsopano a Fomu 1 ankawaonetsa chipseracho tsiku loyamba, akuchitembenuzira ku kuwala monyadira, ndipo palibe mwana amene anaphunzira pano amene anaiwala kuti madzi ndiwo amayamba. Esiteti itatseka anabwera kuno ngati mlonda wa masana. Makatoni a zipangizo za labu atafika, mphunzitsi wa nthawi imeneyo anawapeza atakhala pakatoni akuwerenga zolemba za pabotolo lililonse mokweza, ndipo anapempha kuti munthuyu amupatse iyeyo.

Kumudzi anthu ankawakonda, komanso ankawathawa. Miyezi ya nazale, mu Seputembala ndi Okutobala, Loweruka lililonse ankayenda m'mbali mwa dambo ndi jakisoni wopanda singano m'thumba la shati, woyezera mankhwala. Akapeza munthu akuthira mankhwala m'chopopera ndi chivindikiro cha botolo, chongoyerekeza, ankaima pomwepo. Alimi ambiri amakhulupirira kuti ukathira ambiri tizilombo tifa msanga. A Mwale ankati tizilombo timafa kamodzi kokha, otsalawo amapha mbande ndi mapapo a wopoperayo. Mlamu wawo wina sanalankhule nawo nyengo yathunthu chifukwa anamulanda chopopera pamaso pa mkazi wake n'kukhuthula zonse m'dzenje. Sabata yotsatira mlamuyo anathira mwa njira yake mobisa, mabedi awiri a mbande n'kupserera. A Mwale sanamuseke. Anazula mbande pa nazale yawo n'kumupititsira pa njinga, koma pobwerera anasiya jakisoni wina pakhonde pake.

Ngakhale tiyi wa pa misonkhano ya mpingo sankamusiya. Ankalawa, n'kuuza amayi ophikawo kuti masambawa akanakwana ndowa ziwiri. Amayiwo anafika powauza kuti akafuna tiyi azibwera ndi wawo.

Koma chimene anthu ankawaseka nacho kwambiri chinali madzi a mvula. Chaka chilichonse mu Januwale, mvula itatsuka fumbi lonse la m'mwamba, ankazika mitengo inayi pabwalo kutali ndi mango, n'kumangapo pepala la pulasitiki latsopano, lija timafoleretsa zigafa za fodya, litapindikira pakati kuti madzi azitsikira m'ndowa. Madzi a padenga ankawakana, ankati malata ali ndi dzimbiri ndi zitosi za mbalame. Madziwo ankawasefa ndi nsalu, kuwawiritsa, n'kuwathira m'zigubu zotsukidwa katatu. Anthu odutsa ankafunsa ngati mjigo wa m'mudzi wawonongeka. Chaka china anabweretsa zigubuzo kusukulu kuti zizikhala m'chipinda chosungira katundu, koma ahedi a nthawi imeneyo, munthu wokonda dongosolo ndi mapepala, anati chipindacho ndi cha katundu wa boma, si cha mvula. Anakangana mpaka aphunzitsi tinatuluka m'makalasi. A Mwale anamanga zigubu zawo panjinga, ulendo umodzi chimodzi, n'kukaziika pakona ya chigafa chawo kunyumba.

Chaka chomwecho ndi chimene sukulu yathu inaloledwa koyamba kuti ana a Fomu 4 alembere mayeso a m'labu pomwe pano. Kale ankayenda ulendo wautali kukalembera kusukulu ina, ndipo ambiri ankafika atatopa, n'kugwira zipangizo zachilendo. Makolo anaumba njerwa za labuyi ndi manja awo pofuna kuti zimenezo zithe. Tinkadziwa tonse kuti tikalephera kukonzekera bwino, ana athu ataya pepala lonse, ndipo mwayiwo atilanda.

Malangizo anabwera mu envelopu yomata. Pankafunika malita khumi a asidi wosukulutsidwa, malita khumi a soda wa m'labu wosukulutsidwa chimodzimodzi, ndi madzi oti ana azitsukulutsira zipangizo. Asidi ndi soda wamphamvu tinali naye kale m'mabotolo awiri, aliyense woposa wofunikayo kamakumi awiri. Chimene chinkasowa chinali madzi otchezedwa, aja opanda mchere uliwonse, ndipo ahedi anali ataitanitsa ku boma. Mayeso anali Lachinayi m'mawa. Madzi anafika Lachitatu dzuwa lili pamutu, zigubu zitatu, pa galimoto ya matola imene inangotsitsa n'kupitirira.

A Mwale sankakhulupirira madzi amene sanawayese. Anatsegula chigubu choyamba, kununkhiza, n'kukwinya mphuno. Anathira pang'ono m'kapu ya galasi n'kudonthezamo mankhwala aja amene amasanduka pinki akakumana ndi soda koma m'madzi oyera saonetsa mtundu. Madziwo anasanduka pinki. Chachiwiri pinki, chachitatu pinki. Zigubuzo zinali zitasungapo sopo wamadzi, ndipo wothirayo sanazitsuke mokwanira.

Ahedi anabwera akuthamanga, tayi ili paphewa. Anati mjigo uli apo, madzi ake ndi oyera, timamwa tonse. A Mwale sanatsutse. Anapita okha kumjigo, kutunga kapu imodzi, n'kuthiramo soda pang'ono ahedi akuona. Madzi aja anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Anawafotokozera kuti madzi a pansi pano ali ndi michere yawo, ndipo michereyo idya gawo la asidi mwana asanayambe n'komwe, ndiye manambala onse amene ana alembe adzakhala abodza. Ahedi anaimba mafoni atatu ataima pachulu pamene pamagwira netiweki. Yankho linali limodzi, madzi ena Lachisanu.

Ine ndinakhala pa sitepe ya labu. Nditakweza maso ndinaona a Mwale akumwetulira, kumwetulira kumene ankayesetsa kukubisa koma kukukana.

"Ahedi," anatero mofatsa, "mvula ija munaikana ija ili kunyumba. Zigubu zisanu."

Ahedi anangofunsa kuti kwawo ndi mtunda wautali bwanji.

Mwamwayi pasukulu panali ngolo ya a Zimba, mlimi wa mudzi woyandikana nafe, amene anabweretsa mchenga womangira chimbudzi. Mwana wawo wamkazi, Tamandani, anali mmodzi wa olemba mayesowo. Atangomva nkhaniyo anakhuthula mchenga wotsala pomwepo pakati pa njira, n'kutiuza kuti tikwere. Ine sindinakwerepo ngolo yothamanga choncho. Unali mwezi wa Julaye, mphepo yozizira ikuwomba m'minda yopanda kanthu, ziputu za fodya zili mbuu mbali zonse, fumbi likutitsata kumbuyo. A Zimba ankaitana ng'ombe zawo mayina, Joni ndi Bulaki, akuziuza kuti lero nazonso zikulemba mayeso. A Mwale anakana kukhala pansi. Anaima atagwira thabwa, jekete likuuluka, akuwerengera mokweza kuti zigubu zisanu ndi malita zana, tisukulutsa, titsuka, otsala timwetsa ahedi. Anthu amene tinkawapitirira panjira ankaima n'kutiyang'ana, poganiza kuti tikuthamangira wodwala.

Kunyumba tinapeza akazi awo, mayi Nabanda, akuswa mtedza pamphasa. A Mwale anadumpha ngolo isanaime n'kulowa m'chigafa. Tinamva chigubu chikulira ngati ng'oma, kenako china, kenako china. Anatuluka atanyamula chimodzi ndi chala chimodzi.

"Amake Sitela, madzi anga ali kuti?"

Mayi Nabanda sanasiye kuswa mtedza. "Madzi anu? Mvula ija munagwetsa ndinu?"

Zinapezeka kuti kuyambira mu Meyi mayiwo ankatungako pang'onopang'ono. Anati nyemba zimapsa msanga ndi madzi amenewo, sopo amachita thovu, ndipo bulauzi yawo yoyera ya kumpingo sinayerepo choncho ndi madzi a pamjigo. Anaonjezera kuti zaka zonsezi madziwo amangokhala pakona mpaka mvula ina, palibe amene anawafunapo. Zodzaza zinatsala ziwiri.

Ndinkayembekeza kuti kuphulika mkangano waukulu. A Mwale anakhala pa mtondo wovundikira, n'kuyamba kuwerenga zala, milomo ikuyenda. Makumi anayi. Khumi asidi, khumi soda, makumi awiri otsukira ndi ogawira ana. Nkhope ija inayambanso kuwala. Anadzuka n'kunena kuti akwana, koma dontho limodzi lisagwe pansi. Mayi Nabanda atamva kuti ndi za mayeso a ana, ndipo mwana wa a Zimba ali momwemo, anaimika ntchito yawo. Anatenga masaka n'kukulunga zigubu ziwirizo, anamanga mtedza wina kunsonga ya chitenje, n'kukwera ngolo okha. Njira yonse yobwerera anakhala pakati pa zigubuzo atazikumbatira, akukalipira a Zimba pa bampu iliyonse, ndipo amuna awo ankawayang'ana ngati awaona koyamba.

Tinafika kusukulu cha m'ma fili koloko. M'labu munalibe magetsi nthawi imeneyo, ndipo kamzere kaja sikaoneka bwino ndi tochi, choncho mpikisano wathu unali ndi dzuwa. Botolo la khosi lalitali tinali nalo limodzi lokha, la lita imodzi. Ndiye kuti kasanu ndi kasanu asidi, kasanu ndi kasanu soda, ulendo uliwonse kuthira madzi theka, kuyeza mamililita makumi asanu a wamphamvu uja, kuthiramo, kuonjezera madzi mpaka pamzere, kutseka, kutembenuza botolo kangapo kuti zisakanikirane, n'kukhuthulira m'chigubu choyera. Ahedi anati bwanji tingothira theka la lita m'ndowa yaikulu n'kudzaza mpaka pa chizindikiro cha malita khumi, tithane nazo. A Mwale anayankha kuti chizindikiro cha pa ndowa n'chogulitsira chimanga. Kuti ahedi asamangozungulira, anawapatsa ntchito. Anapempha mtedza kwa mayi Nabanda, amene anakhala panja pa khomo, n'kuuza ahedi kuti lita iliyonse ikalowa m'chigubu aziika njere imodzi m'mbale.

Tinagawana. Ine ndinkayeza asidi, iwo ankamaliza pamzere. Titafika pakati anati maso awo apume, ndimalize ndine. Ndinali ndi phuma, dzanja linapendeka, madzi n'kudutsa mzere ndi kachala kathunthu. Ndinanena kuti tichotseko a pamwambawo. A Mwale anapukusa mutu, anati ng'ombe zamwazikana kale, ukachotsa madzi uchotsa ndi ng'ombe zomwe. Anatenga lita yonseyo n'kuithira m'botolo lina pambali, kuti idzatsukire sinki. Lita imodzi pa madzi amene mayi Nabanda anawakumbatira njira yonse. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Iwo sananene mawu owawa ngakhale amodzi. Anatsukuluza botolo ndi timadzi tochepa, n'kundibwezera m'manja kuti ndiyambenso, ndipo anagwada pambali panga. Ulendo umenewu ndinadontheza ngati mmene ankachitira iwo, ndipo madzi atafika pamzere anandigunda paphewa ndi chigongono.

Chapakati pa soda kunabuka chisokonezo. Ine ndinkati tapanga malita asanu ndi awiri, m'mbale munali njere zisanu ndi imodzi. Ahedi anaumirira kuti mbale siinama. Kenako anasiya kulankhula, dzanja n'kupita kukamwa, chifukwa anazindikira kuti akutafuna. A Mwale anaseka mpaka anatsamira tebulo. Atapezako mpweya anati palibe chalakwika, ubwino wa njira yawo ndi umenewu, lita iliyonse ndi yolondola payokha, kaya akhale asanu ndi awiri kaya khumi ndi limodzi. Ahedi nawonso anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuwaona anthu awiriwa akusekera chinthu chimodzi.

Tinamaliza dzuwa litatsamira pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa bwalo la mpira, kuwala kwake kukulowa chopingasa pawindo. Panatsala kuyesa, kuchita zomwe ana adzachite m'mawa. Ndinayeza soda mamililita makumi awiri ndi asanu, kudonthezamo mankhwala aja, n'kukhala pinki. Kenako asidi, kuchokera mu kachubu kaatali kokhala ndi manambala, dontho ndi dontho, mpaka pinki azimiririke. Ngati tasukulutsa bwino zonse ziwiri, pinki amayenera kuchoka asidi atakwana chimodzimodzi ndi soda. M'labu munali bata moti ndinkamva ng'ombe za a Zimba zikubzikula panja. Nambala inadutsa makumi awiri ndi anayi pinki alipobe. Inayandikira makumi awiri ndi asanu, pinki anayamba kuzilala, kubwerera, kuzilala. Dontho lina linagwa, madzi anayera kuti mbee. A Mwale anati tibwereze. Kachiwiri chimodzimodzi. Anati kachitatu. Chimodzimodzi.

Paunyamata wawo anali wovina mganda, ndipo tsiku limenelo tinadziwa kuti miyendo sinaiwale. Anaika botolo pansi mosamala, kulisunthira pakati pa tebulo, kenako anawongola msana n'kuyamba kuponda sitepe pakati pa matebulo, mkono wachipsera uja uli m'mwamba, akudziimbira lipenga ndi pakamwa. Mayi Nabanda anasuzumira pakhomo n'kuimba nthungululu. A Zimba sanamve bwinobwino chimene chachitika, koma anavula chipewa n'kulowa m'bwalo. Ahedi ankawomba m'manja, tayi ili m'thumba.

M'mawa mwake a Mwale anagawa madzi otsala m'timabotolo ta ana, aliyense muyezo wake, osaposa. Mayeso atayamba sanaloledwe kukhala m'kati, ndiye anaima panja pafupi ndi windo, msana kukhoma, khutu lili tcheru kumvera ngati galasi lisweke. Silinasweke. Tamandani atatuluka anathamangira kwa iwo asanapite kwa bambo ake, n'kuwauza kuti pinki wachoka pamene amayenera kuchokera. Iwo anamufunsa ngati anabwereza katatu. Mtsikanayo tsopano amagawa mankhwala pa chipatala china cha kumpoto kwa boma lino, ndipo Loweruka anabwera kumaliro atavala yunifolomu yake, chifukwa anachokera kuntchito. Anauza anthu pamanda kuti akamasungunula mankhwala a ufa a ana akhanda amagwadabe, anzake n'kumamuseka.

Sabata yotsatira ahedi anatumiza uthenga kuti m'chipinda chosungira katundu mwapezeka malo. A Mwale anayankha kuti athokoza, koma zigubu zitatu zokha ndi zimene zibwere, ziwiri ndi za amake Sitela.

Anali ndi zovuta zawo, sindibisa. Kiyi wa kabati ya mankhwala sankapatsa munthu, ngakhale ine, ndipo tsiku limene anapita ku ukwati ku Kaluluma ndinaphunzitsa ndi choko chokha. Mphunzitsi wina wachinyamata anapempha kusamuka atatopa ndi kubwezeredwa mabotolo kuti atsukenso. Akakhulupirira kuti akulondola sankadziwa kusiya, ndipo nthawi zina sankalondola. Anakangana nane mwezi wathunthu kuti mankhwala ena ofiirira amene tinagula ndi achinyengo, pamene vuto linali maso awo amene anayamba kuchita nkhungu.

Za masowo anavomera mochedwa. Zaka ziwiri zapitazo, tsiku lina tikukonzekera phunziro, anagwada monga mwa nthawi zonse, nakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa kale. Anasuntha botolo kufupi ndi windo, kulibweza, kupukuta maso ndi kolala. Kenako, osanditembenukira, anafunsa chapansipansi.

"Amadamu, tafika?"

Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza kuti kwatsala madontho awiri. Anadontheza awiri, ndinati basi. Anadzuka n'kulengeza monga kale, mawu ake omwe aja, chimwemwe chake chomwe chija. Kuyambira tsiku limenelo tinkachita choncho, dzanja lawo, maso anga. Anali atapuma kale pantchito mwalamulo, koma ankabwerabe Lolemba ndi Lachitatu, ndipo palibe amene analimba mtima kuwauza kuti asiye. Anadwala masiku asanu ndi atatu okha. Mayi Nabanda anandiuza kuti ngakhale kuchipatala anafunsa namwino kuti m'botolo la diripi muli zingati pa lita, ndipo atayankhidwa bwino anamuyamikira kuti anaphunzira.

Lolemba ndinafika kusukulu seveni koloko n'kupeza labu ili chitsekere. Zaka zonsezi ankatsegula ndi iwo kapena mlonda, ndiye sindinkadziwa kuti loko wake amafuna kumukokera kwa iwe kaye asanatseguke, moti ndinalimbana naye mpaka mlonda anabwera. M'kachipinda kokonzera mankhwala mavu ayamba kale kumanga pa felemu ya windo. Mpando wawo wa chikopa cha mbuzi uli pansi pa tebulo, ndipo pa msomali kuseri kwa chitseko pali malaya awo oyera a m'labu, m'thumba muli kachidutswa ka choko ndi kabuku ka nyimbo za kwaya. M'sinki muli timachubu ta Lachisanu, tosatsuka, madzi atauma m'kati n'kusiya mizere yoyera.

Pa shelefu mabotolo ali pamzera kuyambira lalitali kukafika lalifupi, lililonse ndi kapepala kake komatidwa ndi selotepi, zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanja, dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi tsiku limene anakonzedwa. Pa mapepala akale zilembozo n'zazing'ono ndi zowongoka. Pa atsopano zikukulirakulira, mpaka lomaliza dzina lokha ladzaza pepala lonse. Botolo limenelo ndi la asidi, ndipo latsala theka. Fomu 3 iligwiritsa ntchito Lachinayi, ndipo likhoza kufika kumapeto kwa mwezi. Ndagula kale mapepala ena omata, ali m'dirowa, sindinawatsegule.